Kodi Kusewera N'kutaya Nthawi?

Nayuchi ndi malo amene ali m'malire a dziko la Malawi ndi Mozambique, m'boma la Machinga. Anthu ambiri amadziwa dzinali chifukwa cha njanji imene idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Njanjiyi imachokera ku Nkaya m'boma la Balaka, imawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, ndipo ikadutsa pa Nayuchi imalowa m'dziko la Mozambique mpaka kukafika kudoko la Nacala. Kutsidya kwa malire kuli siteshoni ya Entre Lagos, dzina la Chipwitikizi lotanthauza kuti "pakati pa nyanja", pakuti derali lili pakati pa nyanja ya Chilwa kummwera ndi nyanja ya Chiuta kumpoto. Anthu a kumeneku amadalira ulimi wa mpunga ndi chimanga, usodzi ndiponso malonda ang'onoang'ono. Kudera lotere, kumene dzanja lililonse limafunika pantchito, funso lakuti kodi kusewera n'kutaya nthawi limafunsidwa ndi makolo ambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala.

Tiyeni tiyambe taona tsiku la mnyamata wa pasukulu ya pulayimale kudera ngati limeneli. Iye amadzuka kusanache, natunga madzi kapena kutulutsa mbuzi m'khola, kenaka n'kuuyamba ulendo wa kusukulu, makope ali m'thumba lapulasitiki. Akafika amasesa pabwalo. Chitsulo chopachikidwa mumtengo chikalira, amafola pamzere pamodzi ndi anzake, amaimba nyimbo ya fuko, namvera malangizo a mphunzitsi wamkulu. M'kalasi amauzidwa pokhala, nthawi yoyankhula ndi nthawi yokhala chete. Akaweruka amapeza ntchito ina ikumudikira kunyumba: kuingitsa mbalame m'munda wa mpunga, kudyetsa ziweto kapena kutumidwa kumsika. Tikaonetsetsa, tipeza kuti kuyambira m'mawa mpaka madzulo mnyamatayu amachita zimene wina wamuuza. Nthawi yokhayo imene amalamula yekha zochita zake ndi mphindi zochepa zopuma pasukulu, ndi kanthawi kamadzulo dzuwa lisanalowe.

Sukulu zambiri za kumidzi zimaphunzitsa anyamata ndi atsikana pamodzi, koma chitsulo cha nthawi yopuma chikangolira, anyamata amathamangira mbali yawo. Ena amatulutsa mpira wachikulunga, wopangidwa ndi mapepala apulasitiki omangidwa ndi zingwe. Ena amakumba timaenje pansi pa mtengo n'kuyamba bawo, timiyala tili m'manja. Ena amathamangitsana pa chipako, pamene ena amaumba ng'ombe ndi dothi lamakande kapena kupinda mawaya kupanga galimoto. Amenewa ndiwo masewera amene tikunena m'chimangirizo chino. Iwo amasiyana ndi masewera olimbitsa thupi amene mphunzitsi amaphunzitsa ali ndi wezulo pakamwa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ana amasankha okha chochita, amaika okha malamulo, ndipo amaleka okha akafuna.

Phindu loyamba la masewera otere ndi lakuti mwana amaphunziramo chilungamo pochichita. Taganizirani za mpira wachikulunga uja. Zigoli zake ndi njerwa ziwiri uku ndi ziwiri uko, zopanda mtengo wopingasa pamwamba, ndipo woyimbira palibe. Tsono mpira ukadutsa pamwamba pa mutu wa goloboyi, mkangano umabuka. Mbali ina imati, "Chalowa chimenecho!" pamene inzake imati, "Iyayi, wapita m'mwamba!" Palibe wamkulu woti agamule mlanduwo. Anyamatawo amadziwa kuti akapitiriza kukangana, chitsulo chilira asanasewere. Motero amakakamizika kupeza njira: mwina agwirizana kuti goloboyi akweze dzanja kuti aone ngati akadaufikira, mwina agwirizana zomenya penate. Mwini mpira akapsa mtima n'kunyamula mpira wake, amazindikira msanga kuti watsala ndi mpira koma alibe wosewera naye. Wokonda chinyengo amaona kuti mawa lake anzake sakumusankha m'timu. M'kalasi mwana amamva kuti chilungamo n'chabwino, koma pabwalo amaona ndi maso ake zimene zimachitika chilungamo chikasowa.

Katswiri wina wa kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, Jean Piaget, adafufuza nkhani imeneyi ndipo adalemba zimene adapeza m'buku limene lidatuluka m'chaka cha 1932. Iye ankakhala pansi ndi anyamata amene ankasewera ndi timipira tating'ono tagalasi, nawafunsa za malamulo a masewerawo. Adapeza kuti ana aang'ono amaona malamulo ngati chinthu chochokera kwa akuluakulu chimene sichingasinthidwe. Koma akafika zaka khumi kapena kupitirirapo, amayamba kumvetsa kuti lamulo ndi pangano la anthu osewerawo, ndipo likhoza kusinthidwa ngati onse avomereza. Kumvetsa kotereku ndiye maziko a kukhalira pamodzi kwa anthu. Munthu womvera lamulo chifukwa choopa chikwapu amaliphwanya mwini chikwapu akangotembenuka. Koma wolimvera chifukwa chodziwa kuti iyenso ndi mwini wake wa panganolo amalisunga ngakhale pamene palibe womuona.

Phindu lachiwiri ndi luso la manja ndi la mutu. Mnyamata wopanga galimoto yamawaya alibe buku lomuuza kapangidwe kake. Amayamba waonetsetsa galimoto yeniyeni kapena sitima yodutsa pa njanji, kenaka amayesa, amalephera, namasula n'kuyambiranso, mpaka mateyala atayamba kutembenuka pamodzi ndi chiwongolero. Palibe amene amamupatsa malikisi, choncho saopa kulakwa. Wosewera bawo naye amawerengetsera mumtima kumene njere yake yomaliza ikagwere asanakhudze n'komwe dzenje, ndipo amenewa ndi masamu ndithu. M'chaka cha 2002, William Kamkwamba, mnyamata wa zaka 14 wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adasiya sukulu chifukwa cha kusowa ndalama pa nthawi ya njala, adapanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi. Adagwiritsa ntchito zidutswa za njinga, mitengo yabulugamu ndi zitsulo zotola, mothandizidwa ndi mabuku a m'laibulale. Pamene ankatolera zitsulozo, anthu ena ankamuyesa wamisala. N'zoona kuti si mwana aliyense wopinda mawaya amene adzapange makina, koma mtima wofuna kuyesa umene udamuthandiza Kamkwamba ndi womwewo umene timauona pabwalo la sukulu.

Phindu lachitatu ndi umodzi. Kudera la Nayuchi kumamveka Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa, ndipo kuli Asilamu ndi Akhristu. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha m'chaka cha 1992, dziko la Malawi lidalandira anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Madera a m'malire adazolowera kukhala ndi alendo. Mwana wachilendo akafika pasukulu, nthawi zambiri malo oyamba kumulandira amakhala pabwalo. Posankha timu, anyamata amafunsa ngati mnzawo amathamanga ndi kupatsira mpira, ndipo za mtundu wake kapena kumene amapemphera sazilabadira. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwana amene wagonja chifukwa chokana kupatsira anzake mpira amamvetsa mwambiwu koposa amene wangouloweza.

Komabe tisafulumire kugamula, pakuti otsutsa maganizowa ali ndi mfundo zomveka. Kholo lina likhoza kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mukuti mwana azisewera, nanga mbalame zikatha mpunga m'munda tidzadya chiyani?" Limeneli ndi funso la munthu amene akudziwa njala. Nyanja ya Chilwa idaphwa m'chaka cha 1995, ndipo idaphwanso kwambiri m'chaka cha 2018, mabanja odalira usodzi n'kukhala pa umphawi woopsa. Pa nthawi zotere, kunena za masewera kumamveka ngati chipongwe. Yankho lake n'lakuti ntchito ya pakhomo yolingana ndi msinkhu wa mwana ndi yabwino, ndipo nayonso imaphunzitsa. Choipa ndi chakuti ntchitoyo idye tsiku lonse la mwana tsiku ndi tsiku. Makolo athu akale ankagwira ntchito yakalavulagaga koposa ife, komabe ankalola ana kuchita masanje pambuyo pa kukolola ndi kusewera chibisalirano pa mwezi wowala. Iwo ankadziwa kuti ngakhale ng'ombe yapagoli imamasulidwa kuti ikadye msipu.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi ya mayeso. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana olemba mayeso a Sitandade 8, motero mpikisano ndi waukulu. Pofuna kuthandiza ana, aphunzitsi ndi makolo ena amaonjezera maphunziro m'mamawa, masana, Loweruka ngakhalenso pa tchuthi. Cholinga chawo n'chabwino ndipo sitingawanyoze. Koma aliyense amene adawerengapo mpaka kutopa amadziwa kuti pamafika nthawi imene maso amayenda pa tsamba, mutu osagwira kanthu. Mwana amene wathamanga panja kwa mphindi makumi awiri amabwerera m'kalasi ali tcheru koposa amene wakhala pansi maola anayi osadzuka. Kulanda mwana nthawi yopuma kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera koposa zonse. Pamene palibe wamkulu, wamphamvu akhoza kupondereza wofooka. Mnyamata wamng'ono amalandidwa mpira umene wapanga yekha, wolumala amasiyidwa kumbali, ndipo wachibwibwi amasanduka choseketsa. Palinso ngozi: njanji imene pamadutsa sitima zonyamula malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete si malo osewerera, ndipo madzi a m'zithaphwi amapatsa likodzo. Zonsezi n'zoona, ndipo zikusonyeza kuti wamkulu ali ndi udindo. Udindowo ndi wofanana ndi wa mbusa wanzeru, amene amakhala chapatali naonetsetsa kumene ziweto zikulowera, osati kusankhira chiweto chilichonse udzu woti chidye. Mphunzitsi aike malire a bwalo, aletse nkhanza, ateteze wofooka, koma mkangano wa chigoli awasiyire eni ake. Akamathamangira kugamula kamlandu kalikonse, anawo adzakula akuyembekeza kuti wina aziwaweruzira zonse.

Pali chinthu chinanso choyenera kuchitchula. Pamene mnyamata akuthamangitsa mpira madzulo, kawirikawiri mlongo wake amakhala ali kuchitsime, pamtondo kapena atabereka mwana kumsana. Ngati tavomereza kuti kusewera kumaphunzitsa chilungamo, luso ndi umodzi, ndiye kuti phada, fulaye ndi jingo nazonso zifunika nthawi yake. Banja logawa ntchito mokondera limalanda mwana wamkazi chinthu chimene likupatsa mwana wamwamuna.

Mpaka pano tayesa kusewera ndi muyeso wa phindu lake la mtsogolo. Koma kodi tikadapeza kuti kusewera sikuthandiza pa mayeso kapena pa ntchito, tikadakhala ndi ufulu wokuletsa? Ndikuganiza kuti iyayi. Mwana ndi munthu lero lomwe, ndipo zaka za ubwana wake ndi gawo la moyo wake limene silidzabwereranso. Chimwemwe chimene ali nacho pothamanga ndi anzake n'chabwino pachokha, monga momwe kucheza ndi bwenzi kulili kwabwino ngakhale sikubweretsa ndalama. N'chifukwa chake pangano la bungwe la United Nations loona za ufulu wa ana, la m'chaka cha 1989, limanena m'gawo 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Dziko la Malawi lidavomereza panganoli m'chaka cha 1991. M'chaka cha 2024 bungwe lomweli lidakhazikitsa tsiku la 11 June kukhala lokumbukira kufunika kwa masewera a ana pa dziko lonse.

Pomaliza, tinene kuti kusewera kumasanduka kutaya nthawi pokhapokha pamene kwalanda malo a sukulu ndi a ntchito yoyenera. Mwana wothawa m'kalasi kukasewera ayenera kudzudzulidwa, koma mwana wosewera pa nthawi yake ayenera kusiyidwa. Inu amene mukuwerenga chimangirizo chino muli ndi ang'ono anu kunyumba, ndipo posachedwapa ena mwa inu mudzakhala makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu. Tsiku lina mudzapeza ana akukangana pa mpira wachikulunga, ndipo mtima udzafuna kuwabalalitsa kuti akachite zaphindu. Musanatero, imani kaye chapatali, mumvetsere mmene akuthetsera mlandu wawo, ndipo mudzifunse ngati pali phunziro lina m'kalasi limene likadawaphunzitsa zimenezo.