Dengu la Mlaza m'Masitolo a London

Abale, inu amene mugwira nchito m'mzinda uno wa London, ena kusamala nkhalamba, ena kusesa m'maofesi usiku, ena kulonda pa zipata, tiyeni tiyese mlandu wina pamodzi. Mlandu wake ndi uwu: kodi cinthu cikhala cabwino cifukwa cokha cakuti anacipanga ndi zomera za m'thengo? Masiku ano eni dziko ambiri alikuti inde. M'masitolo a anthu olemera alikugulitsa madengu a mlaza, mikeka, ndi mipando yoluka ndi nsungwi imene aicha dzina la dziko lathu, Malawi chair. Mpando umodzi wotere ungadye malipiro a masiku angapo a munthu wosesa. Ife tikaona timaseka camumtima, pakuti kwathu mipando yomweyo aigulitsa m'mbali mwa mseu, pa pfumbi. Koma kuseka sikutha mlandu.

Poyamba tikumbukire kumene pulasitiki anacokera, pakuti kwao ndi konkuno. M'caka ca 1862, pa cionetsero cacikuru ca mu London, munthu wa ku Birmingham dzina lake Alexander Parkes anaonetsa cinthu cacilendo cimene anacicha Parkesine, colimba ngati nyanga koma coumbika cikatenthedwa. Mu 1866 anatsegula fakitale ku Hackney Wick, ndipo inagwa patapita zaka ziwiri. Tsono taonani: pulasitiki woyambayo anampanga ndi ulusi wa zomera monga thonje, ndipo nchito yake inali kulowa m'malo mwa minyanga ya njobvu ndi zigoba za akamba a m'nyanja, zimene Azungu anali kupangira zipeso, mabatani ndi zigwiriro za mipeni. Mnyanga ndi cinthu ca cilengedwe ndithu. Koma makolo athu anaudziwa mtengo wake, pakuti malonda a minyanga anayenda njira imodzi ndi malonda a akapolo, ndipo ambiri amene anatsika nayo kunka ku Kilwa ndi ku Quelimane sanabwereko.

Pulasitiki wa masiku ano ndi wa mafuta okumba pansi, ndipo bvuto lake lalikuru ndi lakuti saola. Dengu likatha, ciswe cidya, nthaka ilandira zake. Jumbo ikatha, ikhala m'munda zaka ndi zaka, itseka ngalande, mbuzi ikaimeza idwala. Cifukwa cace kuno ku Mangalande anayamba kulipiritsa 5p pa jumbo mu 2015, nakweza kufika 10p mu 2021. Kwathunso boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikuru la apilo linabvomereza lamulolo mu 2019, ngakhale eni mafakitale anapitiriza kulimbana nalo. Pa ici okonda dengu sananame.

Koma pali denga. M'mbali mwa mtsinje wa Thames muli nyumba ya masewero, Shakespeare's Globe, imene anaitsegula mu 1997. Anaimanga ndi mitengo naifolera ndi bango, ndipo ndilo denga loyamba lotere limene analiloleza mu London cicokere moto waukuru wa 1666. Alendo aima pamzere kulijambula. Pamene iwo alikutero, ife tirikusunga mapaundi kuti amai kumudzi agule malata. Kodi ife ndife opusa? Iai. Denga la Globe analithira mankhwala oletsa moto naikamo mipope ya madzi, pakuti Globe yoyamba inapsa mu 1613 moto utagwira denga. Amai athu alibe mipope. Ali ndi cikwakwa, ndi msana wosenza mitolo ya udzu caka ndi caka, ndi mbale yocingira madzi pamene denga lidontha. Wolemera asankha udzu ali nazo zina zoti asankhe. Wosauka afolera udzu cifukwa palibe cina. Munthu wokhuta asanyoze malata a mkazi wamasiye.

Tsopano tifike pa nkhani imene itiwawa koposa. Ambiri a ife tidziwa timabokosi ta mkungudza timene agulitsa kwa alendo patsinde pa phiri la Mulanje. Pfungo lake ndi lokoma, ciswe sicigwira, mulibe pulasitiki ngakhale pang'ono. Munthu wofuna za cilengedwe angati wapeza cinthu coyera. Koma mtengo umenewu kwao ndi pa phiri limodzi lokhalo pa dziko lonse lapansi, ndipo kuti ufike pa msinkhu woceka matabwa papita zaka makumi ambiri. Mu 1984 unachedwa mtengo wa pfuko la Malawi. Dzina la ulemulo silinauchinjirize ku macheka ndi ku moto, kotero kuti pamene anawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuruikuru 7 yokha. Oceka anali anthu osauka, osenza matabwa pamutu kutsika nao m'njira zoterera cifukwa ca ndalama zocepa, ndipo phindu leni leni linapita kwa ena. Kuyambira 2016 bungwe la Botanic Gardens Conservation International, limene likulu lace liri ku Kew konkuno, linagwirizana ndi Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri kufesa mbeu ndi kubzala mbande. Nchito yabwino, koma amene abzala lero sadzakhala pa mthunzi wace.

Linganizani ndi nsungwi, imene ikhwima m'zaka zowerengeka, ndipo ukadula zokhwima tsinde liphukanso. Mlaza nao, ukadula masamba ndi kusiya mtima wace, ubwerera. Zonse zitatu ndi zomera, koma ziwiri zibweza msanga zimene wazitenga, pamene cinaci cifuna moyo wa munthu wathunthu. Ife tiyesa kuti funso loyenera ndilo: kodi cimene tadula cidzaphukanso tisanabwere kudzadula kaciwiri? Ngakhale mlaza, ogula akacuruka ndi odula akacita umbombo, utha, ndipo oluka ayamba kuufuna kutali.

Latsala funso la manja. Mzinda uno unali ndi mmisiri wochuka, William Morris, wobadwira ku Walthamstow mu 1834. Iye anadana ndi katundu wacabecabe wa m'mafakitale, ndipo mu 1881 anatsegula malo a nchito ku Merton Abbey, pa mtsinje wa Wandle, kumene ananyika nsaru ndi utoto wa mizu ndi masamba monga anacitira akale. Zinthu zace zinali zokongola, koma amene anatha kuzigula anali olemera, ndipo ici cinamsautsa mtima. Bvuto lomwelo liripo pa mpando wa nsungwi. Woluka akhala nao masiku ambiri, zala zitang'ambika. Nanga pa mtengo wolembedwa m'sitolo, zace ndi zingati? Sitinena kuti wogulitsa ali yense ndi mbala. Pali mtengo wa sitima, msonkho, ndi lendi ya London imene ife tonse tiidziwa bwino. Alipo ogulitsa amene alipira oluka moyenera nachula maina a midzi yao. Koma pepala lolembedwa kuti cinthu ici ndi ca cilengedwe silinena kanthu za malipiro. Ife amene tikonza maofesi eni ace asanadzuke tidziwa kuti cinthu cingawale pamene wocikonza ali ndi njala. Ndipo ife tomwe, tikapita kwathu pa chuti ndi mapaundi m'thumba, tiri ogula. Mkulu woluka licero pa msika wa Limbe ationa monga ife tionera eni masitolo a kuno, makamaka tikayamba kumtsitsa mtengo kufikira atagonja.

Pali dengu linanso limene litibvuta kuliweruza. M'misika ya kwathu muli madengu oluka ndi zingwe za pulasitiki zomangira mabelo ndi makatoni. Luso lace ndi lomwe lija la mlaza, lophunzira kwa agogo. Palibe mtengo umene unagwa cifukwa ca ilo, ndipo lisenza tomato zaka zambiri osathyoka. Koma likadzatha silidzaola. M'masitolo a olemera aja, pakati pa mikeka ndi mipando, dengu lotere sitinalione.