Kodi Madyerero Ayenera M'bungwe la Akazi Ophunzira?

Ku dziko la America, m'masukulu akuru ochedwa makoleji, asungwana ali nao mwambo wa kupangana ubale. Amalowa m'gulu, nalonjezana kuti adzayesana mkulu ndi mng'ono masiku onse a moyo wao, angakhale sanabadwe m'mimba imodzi. Magulu awa amachulidwa ndi zilembo za Cigriki, monga Alpha Kappa Alpha, limene linayamba m'caka ca 1908 pa Howard University, sukulu ya anthu akuda mu mzinda wa Washington. Sukulu ikatha ubalewo sukutha ai. Akazi aja, atasanduka aphunzitsi, anamwino ndi amai a mabanja, amasonkhanabe, ndipo m'mizinda yambiri magulu angapo amatumiza nthumwi zao ku bungwe limodzi, loyang'anira zinthu zonga ndarama zophunzitsira ana a osauka. M'bungwe lotere mubuka funso lakuti: kodi maphwando, magule ndi maulendo okaceza ndizo nchito za bungwe, kapena zitsale kunja kwa khomo?

Mlandu umenewu ndi wakale. Pa 13 January 1913 asungwana 22 a pa Howard anapatuka m'gulu lija, nayambitsa lina, la Delta Sigma Theta, ndipo cimodzi mwa zifukwa zao cinali cakuti anafuna gulu lotumikira mtundu koposa gulu la macezo. Pa 3 March caka comweco anaguba m'miseu ya Washington pamodzi ndi akazi zikwi zambiri opempha ufulu wa kusankha nao atsogoleri a dziko, ufulu umene unalembedwa m'malamulo akuru a America m'caka ca 1920.

Okana madyerero ali nao mau olemera. Ati nthawi ya bungwe iri yocepa, ndi thumba lace losazama. Msonkhano ukayamba kukambirana za mtundu wa nsaru ndi za woimba ng'oma, dzuwa limalowa nkhani ya ana amasiye isanafikidwe. Mphunzitsi wina wa pa Howard pomwepo, E. Franklin Frazier, m'buku lace lochedwa Black Bourgeoisie, limene linaturuka m'Cingerezi m'caka ca 1957, anadzudzula kolimba anthu akuda ophunzira cifukwa ca kumwaza cuma pa maphwando odzionetsera, abale ao ambiri ali mu umphawi. Koma coopsa ceni ceni ciri pena. Phwando la mtengo wapatali limasankha anthu popanda kunena mau. Mkazi wamasiye, kapena mphunzitsi wa malipiro ocepa, alibe cobvala coyenera kapena ndarama ya pakhomo. Sadandaula, angoti mutu ukuwawa, natsala kunyumba. Caka camawa atsalanso, ndipo pomaliza pace dzina lace lifafanizidwa m'buku. Gulu limene linapangidwira ubale lidzakhala litataya mbale ndi cida comwe linati nca cikondi. Mtumwi Paulo anaona cirombo comweci ku Korinto, kumene olemera anali kutsogola kudya ndi kukhuta pa mgonero wa mpingo, osauka nakhala ndi njala ndi manyazi. Ndipo pa 1 Akorinto 11 sanawayamika konse.

Komabe iye wofuna kucotsa madyerero onse aiwala kanthu. Akale anati cibale ndi fupa, siciola. Mwambiwu unena za ubale wa mwazi. Ubale wopangana suli fupa. Ufanana ndi moto wa pa mafuwa, umene ukapanda kusonkhezedwa umazima. Akazi amene aonana kamodzi pa mwezi kudzamva cowerengera ca msungi wa cuma basi, sadziwana zisoni, ndipo pa tsiku la nchito yowawa sangakhulupirirane. Yesu mwini anayamba zizindikiro zace pa ukwati wa ku Kana, ndipo adani ace anamneneza kuti ali wokonda kudya ndi kumwa. Cipembedzo ca nkhope yakugwa sicinacokera kwa Iye.

Mbiri ya magulu omwewa icitira umboni. M'caka ca 1935 akazi a Alpha Kappa Alpha, motsogozedwa ndi dokotala wamkazi Dorothy Ferebee, anayenda ulendo wautali pa magalimoto kunka ku Mississippi, kukacita katemera wa nthomba ndi wa nthenda ya pakhosi yochedwa diphtheria kwa ana a anthu olima thonje m'minda ya eni malo oyera. Eni mindawo atakaniza anchito ao kupita ku cipatala, akaziwo anasandutsa magalimoto ao kukhala zipatala, natsata odwala kuminda komweko. Anabwerezanso nchitoyo zaka zingapo, kufikira nthawi ya nkhondo yaciwiri yaikuru. Munthu salola kutentha ndi fumbi ndi kunyozedwa kotere pamodzi ndi alendo. Amalola ali ndi anzace amene anadya nao naseka nao. Ndiponso a Delta Sigma Theta, omwe aja anapatuka pofuna utumiki, anayambitsa ku Boston m'caka ca 1925 masewero a nyimbo ndi zisudzo ochedwa Jabberwock, amene ndarama zace zinali zophunzitsira asungwana. Odana ndi macezo acabe anapeza kuti cisangalalo cikhoza kusenza katundu.

Anthu a kumudzi adziwa ici bwino pa dima. Mwini munda afulula thobwa, anansi nadza ndi makasu. Kuimba kulipo, kuseka kulipo, ndipo munda umatha. Koma palibe wanzeru aturutsa mitsuko mizere isanalimidwe.

Cotero madyerero ayenera m'bungwe, koma ayenera kulowa monga wanchito, wofunsidwa mafunso pakhomo. Ndarama zace zicokera m'thumba liti? Zoperekedwa cifukwa ca ana osauka zisagule nkhuku ya nthumwi, ngakhale kobiri limodzi. Matumba akhale awiri, ndi mabuku awiri. Ndani adzalephera kufika? Ngati mlembi akhoza kuchula maina atatu a iwo amene mtengo udzawatsekereza, phwando licepetsedwe kufikira atatuwo atalowa. Ndipo nkhani yace ikambidwe pomariza, ya odwala ndi ya maphunziro zitatha.

Amai a Cigwirizano m'mipingo ya kuno akomana nalo funso lomweli pamene apangana za tiyi ndi mpunga wa msonkhano waukuru, m'bokosi muli ndarama zocepa, ndi nkhalamba ina iri gone m'nyumba yodontha. Pa Macitidwe 6, dandaulo loyamba la mpingo wa ku Yerusalemu linali la cakudya, pakuti amasiye a Ahelene anali kuiwalika pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanaleketsa magome aja. Anauza mpingo usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo anawaika manja kuti ayang'anire kugawako.