Ulemu Wochedwa: Kodi Nyimbo Zakale Ndi za Yani?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, eni mgodi wa kopa wa Mhangura, m'chigawo cha Mashonaland West momwe mulinso matauni a Kadoma ndi Chegutu, adalemba ntchito Daram Karanga, katswiri woliza lipenga, kuti akhazikitse gulu losangalatsa anthu a pamgodipo. M'gululo, Hallelujah Chicken Run Band, Thomas Mapfumo ndi Joshua Dube adayamba kusamutsira kamvekedwe ka mbira pa gitala yamagetsi. Nyimbo zomwe adajambula pakati pa 1974 ndi 1979 zidasonkhanitsidwa m'chimbale cha Take One, chomwe kampani ya ku Germany ya Analog Africa idatulutsa mu 2006. Apo n'kuti mgodiwo utatsekedwa kale mu 2000. Nalo gulu la rock la ku Bulawayo, Wells Fargo, lidadikira mpaka 2016 kuti nyimbo zake za m'nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu zituluke pamodzi m'chimbale cha Watch Out! ku America.

Funso ndi lakuti: kodi ulemu wofika mochedwa chotere umabweza ngongole? Mbali ina, wosonkhanitsa nyimbo ngoyenera kuthokozedwa, pakuti mbale yakale imakalika, ndipo mawu osasungidwa amafera limodzi ndi mwini wake. Komabe makina amasunga mawu a woimba okha, sasunga womvera. Nyimbo za ku Mhangura zidaumbidwa ndi anthu otuluka pansi pa nthaka atatopa, omwe kuvina kwawo kudauza oimba zoyenera kusiya ndi zoyenera kupitiriza. M'migodi ndi m'mafamu a chigawochi mudali anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo zidzukulu zawo zilipobe ku Kadoma ndi ku Chegutu. Maina a omverawa sadalembedwe pa chikuto chilichonse.

Choncho kulipira woimba, ngakhale kuli koyenera, ndi gawo chabe la chilungamo. Chimbale chikamagulidwa ku Frankfurt ndi ku Los Angeles pomwe mdzukulu wa wokumba miyala sadachimvepo, nyimboyo yapulumuka koma sidabwerere kwawo. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Udindo wa wosonkhanitsa, wa wailesi ndi wa sukulu za ukachenjede sutha pamene nyimbo yapezeka. Umatha pamene yamvekanso m'makomboni momwe idabadwira.