Kodi Mau a Munthu Mmodzi Apindulanji?

Abale, makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Nanga munthu akaona kuti bwalo lonse lapangana chinthu chosalungama, akhale chete kodi, popeza mau ake sadzasintha kanthu?

Taganizani za Abraham Lincoln. Asanakhale mtsogoleri wa dziko la America, anali phungu wopanga malamulo m'chigawo cha Illinois, kuyambira 1834 kufikira 1842. M'chaka cha 1837 bwalo lao, losonkhana ku Vandalia, linapangana kudzudzula anthu olimbana ndi ukapolo. Ovomera anali 77, okana 6 okha, ndipo Lincoln anali mwa okanawo. Sanalekere pomwepo: iye ndi mnzake Dan Stone analembetsa m'buku la bwalo kuti ukapolo wakhazikika pa chisalungamo.

Mau ao anali ofatsa, pakuti anavomeranso kuti boma lalikulu linalibe mphamvu yothetsa ukapolo m'zigawo zousunga. Ndipo palibe kapolo anamasuka tsiku lija. Komatu sanalembe pachabe. Bwalo silinathenso kunena kuti onse anavomera, ndipo Lincoln anadzimanga yekha ndi mau ake pamaso pa anthu. Iye yemweyo, m'chaka cha 1863, analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zopanduka.

Chifukwa chake, mukakhala pabwalo la mfumu, nimuona mlandu wa mkazi wamasiye ulikupotozedwa, nenani choonadi mofatsa, mungakhale muli nokha. Kapena mlanduwo simudzauongola lero, koma bodzalo lisakhale ndi umboni wanu.