Mtsikana Wakana, Koma Kamera Isazime

Lamlungu lina m'mamawa ndinapeza ophunzira asanu ndi mmodzi a pakoleji ina ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mahositelo. Mmodzi ananyamula nsungwi yaitali. Kunsonga kwake anamangirirako maikolofoni ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kuiveka sokosi kuti mphepo isamasokosemo. Wina anagwira katoni yomatidwa pepala lonyezimira, akulondolera kuwala kwa dzuwa pankhope ya mtsikana amene anakhala pabenchi. Kamera inali yobwereka, ndipo mwini wake anali ataneneratu kuti ikhale itabwerera 12 koloko isanakwane.

Nkhani ya filimu yawo inali yoti aliyense wa ife angaimalize yekha. Mnyamata wakhala akumufera mnzake wa m'kalasi kuyambira chaka choyamba. Amawerengera limodzi, amagawana chipisi cha pachiwaya, amabwerekana ya bandulo mwezi ukafika poipa. Tsiku limene walimba mtima n'kutulutsa za kukhosi, mtsikana akumuyankha mofatsa kuti, “Iwetu ndimakutenga ngati mchimwene wanga.”

Kachigawo kameneka anakajambula maulendo 11 osatheka. Koyamba kunalira tambala. Kenako kunadutsa njinga yamoto ya kabaza. Kwaya ya patchalitchi chapafupi inayamba kuyesa zokuzira mawu, mtsikana uja anaphulika nako kuseka, dzuwa nalo linabisala mumtambo. Ulendo wa 12, mnyamata atamva yankho lija sanalire kapena kumenya benchi monga zinalembedwera papepala. Anangoyang'ana mbale ya chipisi imene inali pakati pawo, n'kuikankhira kwa mtsikanayo, n'kunena chapansipansi kuti, “Maliza, chizizira.” Tonse tinangoti zii. Dayirekitala anaiwala n'komwe kulamula kuti kamera izime.

Ndikulembera inu amene munali pansi pa mango uja, ndi anzanu onse a ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kwina kulikonse, amene mwasunga nkhani yotereyi m'kope kapena m'foni. Mawu anga ndi amodzi, abale anga: filimuyo imalizeni.

Ndikudziwa zimene akukuuzani. Akuti nkhani yanu yachepa. Mulibe mfiti, mulibe mfuti, mulibe bwana wa galimoto yakuda wodzalanda mtsikana, palibe womwa tameki. Akufunsa kuti ndani angataye nthawi kuonera anthu awiri atakhala pabenchi. Afunseni nawonso ngati m'moyo mwawo sanakondepo munthu amene sanawabwezere. Agogo anu anadutsamo, mphunzitsi wanu anadutsamo, ngakhale kondakitala wa minibasi amene anakukalipirani dzulo ali ndi dzina limene akalimva mtima umamuthawa. Bala limeneli tonse tili nalo, kungoti timalibisa. Wopanga filimu ndiye amene amalimba mtima n'kulivundukula, kuti woonera adzione yekha pakanema n'kudziwa kuti si iye yekha.

Ndipo kufupika kwa filimu si chilema. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa, ankagwira ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille asanakaphunzire za kanema ku Moscow. Mu 1963, ali ndi zaka 40, anatulutsa Borom Sarret, filimu ya mphindi pafupifupi 20 yonena za tsiku limodzi la bambo woyendetsa ngolo mumzinda wa Dakar, amene akumulanda ngoloyo chifukwa cholowa nayo kudera la anthu olemera. Munthu mmodzi, hatchi imodzi, tsiku limodzi, koma mpaka lero ophunzira za mafilimu akuionerabe. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anayamba ndi mafilimu aafupi monga Mwansa the Great wa mu 2011, asanapange I Am Not a Witch, imene inamupezetsa mphoto ya BAFTA mu 2018. Nawo a mphoto za Oscar ali ndi gawo lapadera la mafilimu osapitirira mphindi 40. Khomo limeneli ndi lanu, ndipo ndi lotsegula.

Musanene kuti amenewo ndi akutali. Shemu Joyah ndi katswiri woyeza malo, koma ludzu la nkhani linamugwiritsa kamera mpaka anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, imene mu 2018 inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mphoto za Africa Magic Viewers' Choice ku Lagos. Mphoto yomweyo Joyce Mhango Chavula anali ataibweretsa kale kumudzi mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Anthuwa amayenda m'misewu yomwe mumayendamo inuyo, magetsi amawazimira ngati mmene amakuzimirani. Chimene anachita ndi chakuti zimene anayamba anazimaliza.

Za kuchepa kwa zida, musandiuze. Sean Baker anajambula Tangerine ya mu 2015 ndi mafoni a iPhone 5s, ndipo patatha zaka khumi anakwera pansanja kukalandira ma Oscar chifukwa cha Anora. Foni imene ili m'thumba mwanu ikhoza kunyamula filimu yonse, mukaipatsa maso ndi makutu abwino. Makamaka makutu. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamamveka ngati akuchokera m'chitsime amadzuka n'kumapita. Maikolofoni iyandikire pakamwa pa wolankhula monga mmene kungathekere popanda kuoneka pachithunzi. Mukatha kujambula pamalo, aliyense akhale chete mphindi imodzi kuti mutepe kaphokoso ka pamalopo; kadzakuthandizani kutseka mipata polumikiza zigawo. Jambulani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa la paliwombo limakumba maenje akuda m'maso mwa munthu. Kumbukirani kuti tsamba limodzi la zolemba limadya pafupifupi mphindi imodzi pakanema, choncho filimu ya mphindi khumi isakhale ndi masamba 30. Ndipo tsiku lililonse, musanagone, zimene mwajambula muzisunge malo awiri osiyana. Laputopu imafa osatsanzika.

Koma chachikulu chili m'nkhani momwemo. Makolo anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambiwu ndi wabwino kumunda, m'kalasi ndi pakamera. Pachikondi wapweteketsa ambiri. Anyamata ochuluka anakula akukhulupirira kuti “ayi” wa mtsikana ndi “inde” amene akuchedwa, kuti ukalimbikira, ukamudikirira panjira, ukamuimbira foni kakhumi usiku, mapeto ake agonja. Masewero ambiri athandiza kufesa bodza limeneli: mtsikana wokana amasanduka wonyada, kenako moyo umamulanga, n'kubwerera akukwawa. Inu musatero. M'filimu mwanu mtsikanayo akhale munthu wathunthu, wokhala ndi zifukwa zake, amenenso zikumuwawa kuti akhumudwitsa mnzake wapamtima. Kukana si mlandu. Mnyamatayo naye asakhale chitsiru chosekedwa kapena chilombo chobwezera. Tionetseni munthu amene mtima wasweka koma ulemu wake uli chilili, amene mawa lake adzamusungirabe mnzakeyo mpando m'laibulale, kapena amene adzapempha nthawi yoti akhale kaye patali mpaka bala lipole. Mng'ono wanu wa Fomu 3 akadzaonera zimenezi adzaphunzira chimene palibe anamuuzapo: mwamuna amatha kukanidwa n'kukhalabe mwamuna. Khama la phwiti lija lisungireni filimu.

Kuti zimenezi zimveke, akhulupirireni maso a ochita sewero anu. Ife tinakulira masewero a pawailesi ndi zisudzo za pasiteji, kumene mawu ndiwo amasenza zonse, ndipo ndi chuma chathu. Koma kamera imayandikira kuposa woonera wa pampando wakutsogolo. Imaona chala chikunjenjemera, imaona munthu akumeza malovu. Chikondi chosabwezedwa chimakhala m'zinthu zimene munthu walephera kunena: uthenga wolembedwa pafoni n'kufufutidwa, kuseka kochedwa pang'ono, mbale yokankhidwira kwa mnzako. Pamene mwalemba mizere isanu, yesani umodzi. Ndipo anthu anu alankhule monga mmene mumalankhulira kukafeteriya, Chichewa chake chomwecho chosakaniza ndi Chingerezi cha apo ndi apo, kapena Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, malinga ndi kumene mtima wa nkhaniyo uli. Akunja adzawerenga mawu omasulira pansi pa chithunzi, monga anachitira ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Kasungu ndipo mbali yaikulu anthu ake amalankhula Chichewa.

Tsono chenjerani ndi ichi: mungapange filimu yokoma yonena za ubwenzi, inu eni ake n'kutuluka muli adani. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu isanu ndi umodzi yanjala imakangana msanga. Gwirizanani poyambirira kuti wotsogolera ndani, wosonkha ndalama zingati ndani, ndipo dzina la aliyense lidzalembedwa pati. Zilembeni papepala mukadali kusekerana. Wogwira nsungwi, amene manja amuwawa tsiku lonse, dzina lake lioneke kumapeto kwa filimu mofanana ndi la dayirekitala. Mayi wa pachiwaya amene wakulolani kujambula pamalo pake mumupemphe bwino, mumuthokoze, ndipo tsiku loonetsa mumuitane. Wina akalakwitsa, mudzudzuleni pambali. Ndalama ikapezeka pang'ono, yambani mwagula chakudya. Gulu lokhuta limapirira ulendo wa 12.

Mafilimu ambiri a ophunzira safera pojambula. Amafera m'kompyuta, pamene chisangalalo chatha, mayeso ayandikira, ndipo wolumikiza zigawo watsala yekha usiku akuona zolakwika zokhazokha. Pamenepo mudzamva ngati luso limene mukulikonda silikukubwezerani chikondi. Musalisiye. Ikani tsiku loonetsa, lilengezeni kwa anthu kuti manyazi akukankheni, ndipo mukhale naye mnzanuyo mosinthana mpaka ntchito ithe. Filimu yokhala ndi zipsera koma yomalizidwa idzakuphunzitsani zimene filimu yangwiro ya m'maloto singakuphunzitseni. Ikatha, pachikani nsalu yoyera muholo, itanani anzanu, khalani kumbuyo n'kumamvetsera pamene akuseka ndi pamene akhala chete. Kenako itumizeni kumipikisano. Ku Zanzibar kumachitika chikondwerero cha mafilimu chaka ndi chaka, ku Ouagadougou kuli FESPACO imene inayamba mu 1969, ndipo konseko mafilimu aafupi ali ndi malo awo. Akakukanani, mwaphunzira kale kwa mnyamata wa pabenchi uja mmene munthu amalandirira “ayi” mutu uli m'mwamba.

Tsiku lija pansi pa mango, dayirekitala atakumbuka kuzimitsa kamera, nthawi inali itatsala pang'ono kukwana. Mmodzi anaikulunga m'juzi n'kuthamanga nayo kukabweza, otsalawo anazungulira mbale ija n'kugawana chipisi chozizira, akukangana kale za chigawo cha Lamlungu lotsatira. Chitani chimodzimodzi. Usiku uno tsegulani kope lija, dulani masamba osafunika, tumizirani anzanu uthenga wa malo ndi nthawi. Tchajani mabatire magetsi akadalipo. Ndipo kamera yobwerekayo muibweze nthawi yake isanakwane, chifukwa sabata yamawa mudzaifunanso.