Muziwerenga mpaka 129, ana anga

Ana anga, mukabwera ndi Arduino yanu m'manja n'kumati sensa yafa, mtima umandiwawa. Sinafe ayi. Munakopera pulogalamu ya munthu wina pa intaneti, n'kulumikiza mawaya mothamanga, ndiye manambala atayamba kudumphadumpha mukufuna ndalama zokagulira ina. Datasheet yake simunaitsegule n'komwe. Safunsa anadya phula. Luso lokhala pansi n'kutsata chithunzi cha nthawi ndi chala likukupulumukani m'manja, ndipo likapita mudzakhala ongolumikiza mawaya basi.

Tengani sensa ya kuwala ija, TSL1401. M'kamzere kotalika pafupifupi mamilimita 8 muli timaso 128. Muzitiona ngati zidebe zimene mwatchera mvula m'mphepete mwa denga, kuwala n'kukhala mvulayo. Chidebe chilichonse chimasunga yake, koma khomo lotulukira ndi limodzi, waya wa AO, ndipo zimatuluka chimodzichimodzi ngati anthu pamzere wa pamjigo.

Woitana mzerewo ndi waya wa CLK. Yambani mwakweza waya wina wotchedwa SI, kenako kwezani CLK, chifukwa sensa imamva SI pa nthawi imene CLK ikukwera. Tsitsani SI msanga, CLK isanakwerenso. Musakweze ziwirizi pakamodzi, mudzangodalira mwayi. Kuchokera apo, CLK ikagunda kamodzi, chidebe chimodzi chatuluka. Dikirani pang'ono voteji ikhazikike, werengani, ndiye mugundenso. Musalekere pa 128. Gundani ka 129, popeza kugunda komalizaku ndiko kumatseka khomo la AO.

Tsono tcherani khutu, apa ndi pamene mumagwera nonse. Zimene mukuwerenga panopa ndi mvula imene inagwa kale. SI ikadutsa, kugunda 18 koyamba sensa imakhala ikukhuthula zidebe. Zimayamba kutchera pa kugunda kwa 19, ndipo zimatcherabe mpaka SI yotsatira. Choncho nthawi yonse imene pulogalamu yanu ikuzengereza, mvula ikungogwa. Arduino Uno imatenga pafupifupi mamaikirosekondi 100 kuti iwerenge nambala imodzi, ndiye timaso tonse timadya mamilisekondi pafupifupi 13. Inu n'kuwonjezerapo Serial.print pakati! Zidebe zimasefukira, manambala onse n'kufanana, inu n'kumati sensa ndi yakhungu. Yamwa kuwala mopitirira.

Chitani chonchi. Tumizani SI, gundani CLK mofulumira ka 129 osawerenga kanthu, kuti mutaye madzi akale. Dikirani nthawi imene mwasankha nokha. Kenako tumizani SI yachiwiri, muwerenge modekha, manambala muwasunge kaye, muwasindikize mukamaliza. Padzuwa fupikitsani nthawi yodikirayo, m'chipinda chamdima italikitseni, koma isapitirire mamilisekondi 100 amene datasheet inalamula.

Inenso ndinapusapo, musandione imvi. Ndinachezera masiku atatu ndikusintha makapasita, manambala akukwera n'kutsika ngati munthu wopuma. Vuto linali chubu cha magetsi pamwamba pa tebulo langa. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye chubu chachikale chimaphethira ka 100 pa sekondi. Diso la munthu siliona, koma sensa imaona. Nditaika nthawi yotchera pa mamilisekondi 10, manambala anakhala bata. Mukamagwira ntchito pansi pa nyale zotere, sankhani 10 kapena 20.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bwerekani oscilloscope ngakhale kwa ola limodzi, muike SI ndi CLK pamodzi, muone ndi maso anu ngati zikufanana ndi chithunzi cha m'datasheet. Mukatero gonekani mtengo wa machesi mopingasa pa sensayo. Timaso pafupifupi 30 tigwe mumdima, ndipo mukausuntha pang'onopang'ono, dzenje la manambala otsikawo liziyenda nawo. Likapanda kuyenda, bwererani ku SI.