Nsonga za Mulanje ndi Ife a ku Rumphi

Okonda kukwera mapiri ali ndi kamwambo kawo kolemba mayina a nsonga pa pepala n'kumachonga imodziimodzi mpaka zonse zitatha. Ku Scotland, kwawo kwa amishoni amene adamanga Livingstonia, Sir Hugh Munro adasindikiza mndandanda wotere mu 1891, wa mapiri opitirira mamita 914. Lero mndandandawo uli ndi nsonga 282, ndipo alipo anthu amene amatha zaka makumi angapo akuzisaka. Kwathu kuno amene wagwidwa ndi chilakolako chimenechi amaloza ku Mulanje: Sapitwa wa mamita 3,002, Nakodzwe, Dzole, Namasile, Chambe ndi zina.

Kwa munthu wa ku Blantyre zimenezi n'zopepuka. Anyamuka Lachisanu madzulo, Loweruka agona ku Chisepo kapena ku Thuchila, Lolemba ali pa ntchito. Ife a ku Rumphi tili kutali ndi phirili makilomita oposa 700. Tsiku lathunthu limathera m'basi kudzera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, lina pobwerera, kuwonjezapo ndalama ya malo ogona, ya wotsogolera njira ndi ya onyamula katundu. Mphunzitsi wa ku Bolero akakwanitsa ulendo umodzi pa chaka ndiye kuti wadzimana zambiri.

Sindikunyoza mndandanda. Umam'bweza munthu ku phiri limene akadaliona kamodzi n'kuiwala, ndipo anyamata a ku Likhubula amapezerapo ya ndiwo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi momwe mtunda umasokonezera mutu wa wokwera. Chiperoni ikakuta phiri, wapafupi amangotsika, podziwa kuti abweranso sabata ya mawa. Wakutali amayamba kuwerengera zimene wawononga, tchuthi chikutha, bokosi la pa pepala likadali losachonga, ndiye amakakamira kukwera pa miyala yoterera m'nkhungu yoti dzanja lako lomwe suliona. Wotsogolera akati tibwerere, iye amamva ngati akum'bera. Mu 2009 mlendo wa ku Brazil adafera pa Sapitwa atasiya womutsogolera n'kupitirira yekha. Phiri silidziwa kuti basi udalipira zingati.

Komanso tidzifunse kuti adatiuza ndani kuti nsonga zoyenera kuwerengedwa zili kummwera kokha. Ukalowa pa chipata cha Thazima, Nyika yonse ili pamaso pako. Nganda ndi wotalika mamita oposa 2,600, ndipo ukaima pamwamba pake kunja kutayera umaona kutali zedi. Kulinso Chosi, Mwanda, Fingira, Kasaramba, ndi Chombe amene amayang'ana nyanja pafupi ndi Livingstonia. Njira yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia imatenga masiku atatu, mbidzi ndi ntchefu zikudya msipu m'mbali mwako. Ena amati Nyika ndi zitunda chabe, alibe matanthwe oopsa ngati a Chambe. N'zoona, koma ayambe agonako usiku umodzi mu Julaye, chisanu chitayera pa udzu, kenaka adzatiuze ngati ndi masewera.

Chosowa n'chakuti mndandanda wa kuno sunatchuke, ndipo amene angaulembe bwino si alendo. Pamene paki ya Nyika idakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri adasamutsidwa m'malo a makolo awo. Ena mwa iwo akadali moyo m'midzi yozungulira pakiyi, ndipo amadziwa dzina la chitunda chilichonse, kumene ankasungunulira chitsulo ndi kumene ankapempherera mvula. Akapita amenewa, tidzatsala ndi mayina okhawo amene adalowa pa mapu.

Ku Mulanje pitani ndithu, chaka chimene thumba lalola, ndipo wotsogolera akati tibwerere, bwererani. Koma inu aphunzitsi ndi magulu a achinyamata a ku Rumphi, khalani pansi ndi akuluakulu a ku Phoka ndi ku Hewe chaka chino, mulembe nsonga za Nyika ndi mayina ake enieni, ndipo muyambe kuzikwera.